Zimene anzathu amatisungitsa

Pali mawu awiri amene m'bale wina wa mumpingo mwathu anandiuza zaka zingapo zapitazo, ndipo mpaka lero amandibwerera m'makutu nthawi iliyonse munthu akayamba kundiuza nkhani motsitsa mawu. Anandipeza panja pa tchalitchi anthu atabalalika, anaima patsogolo panga osatambasula dzanja kuti tipatsane moni, ndipo anati, "Achimwene, ndinakusungitsani." Sanakweze mawu, sanandinyoze, ndiponso sanadikire kuti ndiyankhe. Anatembenuka n'kumapita, ine n'kutsala chilili, Baibulo lili m'khwapa, ndikudziwa bwino lomwe chimene ankanena.

Masabata awiri m'mbuyomo anali atandiuza kuti amuimitsa ntchito chifukwa cha ndalama zimene zinasowa ku ofesi kwawo, kuti nkhaniyo inali ikufufuzidwabe, komanso kuti anali asanapeze mphamvu zomuuzira mkazi wake. M'mawa uliwonse ankavala monga mwa masiku onse n'kutuluka pakhomo ngati munthu wopita kuntchito, kenako n'kukakhala penapake mpaka nthawi yoweruka. Pamene ankandifotokozera zimenezi manja ake ankanjenjemera, ndipo anamaliza ndi kundipempha kuti zikhale za ife awiri mpaka iye mwini atalankhula ndi banja lake. Ndinavomera ndi mtima wonse. Lachitatu lotsatira, pa mapemphero a kagulu kathu, itafika nthawi yotchula zofunika kuzipempherera, ndinati pali m'bale wathu wina amene zamuvuta kuntchito, sinditchula dzina, koma timukumbukire. Mmodzi anafunsa kuti zamuvuta motani, kuti tipemphere molunjika. Ndinawonjezera za ndalama zosowazo, ndinatchulanso mtundu wa ntchito imene amagwira. Mumpingo momwe anthu amadziwana, kutchula ntchito ya munthu n'chimodzimodzi kutchula dzina lake. Lisanafike Lamlungu, mkazi wake anaimva nkhaniyo kwa mayi wina amene anabwera kudzamupepesa.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti cholinga changa chinali chabwino, chifukwa kodi kupempherera m'bale n'kulakwa? Koma ndikadzifunsa moona mtima, ndimapeza kuti usiku umenewo munali china mumtima mwanga chimene chinkafuna kuti anthu adziwe kuti ine ndine munthu amene anzake amamuululira zakukhosi. Ndinawononga chinthu cha mwini pofuna kukometsa mbiri yanga, ndipo ndinachita zimenezi nditatseka maso, mutu uli wowerama. Akuluakulu anati bwenzi lako ndi la wina, pochenjeza munthu amene akufuna kuulula chinsinsi. Ine ndimaona kuti mwambi umenewu uyenera kutichititsa manyazi ife Akhristu, chifukwa ukunena zoona za ife ngakhale pamalo pamene umayenera kukhala wabodza.

M'bale uja akanatha kunena kuti ndamuulula, kapena kuti ndamudya miseche, koma anasankha mawu akuti kusungitsa, ndipo m'kupita kwa nthawi ndazindikira kuti mawu amenewa ndi akale kwambiri m'mbiri ya mpingo. Cha m'chaka cha 112 Khristu atabadwa, Pliny, bwanamkubwa wa Chiroma wa chigawo cha Bithynia ndi Pontus, kumpoto kwa dziko limene lero timalitcha Turkey, analembera mfumu Trajan kalata yofunsa nzeru za mmene aziweruzira anthu oimbidwa mlandu wokhala Akhristu. M'kalatamo anafotokoza zimene anamva kwa ena amene ankati anali Akhristu kale koma anasiya. Iwo anamuuza kuti ankasonkhana pa tsiku loikika kusanache, ankaimba nyimbo yotamanda Khristu monga Mulungu, kenako ankalumbira kuti sadzaba, sadzalanda za eni, sadzachita chigololo, sadzaphwanya mawu awo, ndipo sadzakana kubweza chinthu chimene munthu anawasungitsa mwiniwakeyo akabwera kudzachifuna. Pliny sankawakonda Akhristu, ndipo ena mwa iwo anawalamula kuti aphedwe chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro chawo, choncho palibe chifukwa choganizira kuti ankawakometsera. Chimene chimandikhudza n'chakuti anthu amene moyo wawo unali pachiswe, akakumana mumdima wa m'bandakucha, ankaona kuti kubweza chosungitsidwa ndi nkhani yoyenera kuitchula pamodzi ndi nyimbo yotamanda Khristu. M'nthawi imeneyo munthu akamapita ulendo wautali ankasiya ndalama kapena katundu wake m'manja mwa mnzake, nthawi zina popanda mboni, ndipo wosungayo akanena kuti sakudziwapo kanthu, mwiniwake ankasowa pogwira. Kukhulupirika kwa Mkhristu kunkayesedwa pamalo pamene panalibe womuona.

Chilamulo cha Mose chinali chitaiona kale nkhani imeneyi. Mu Levitiko 6, munthu amene wanamiza mnzake pa chinthu chimene anamusungitsa akutchulidwa kuti walakwira Yehova, ngakhale kuti amene waluza ndi mnzakeyo. Ndipo dongosolo lokonzera mlanduwo limayambira kwa wolakwiridwa: wolakwayo abweze chinthucho chonse, awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu, apereke kwa mwiniwake, ndiye abweretse nsembe yake yopalamula kwa wansembe. Ambuye Yesu anatsata njira yomweyi mu Mateyu 5 pamene ananena kuti munthu akakumbukira ali paguwa kuti m'bale wake ali naye chifukwa, asiye mphatso yake pomwepo, apite akayanjane ndi m'baleyo poyamba. Ine ndinali nditaiwerenga ndime imeneyi kambirimbiri, koma ndinkaiganizira ngati yonena za mikangano ikuluikulu ya anthu ena. Sindinkaona kuti tsiku lililonse anthu amandisungitsa zinthu zimene sizilembedwa paliponse. Wina amandisungitsa chinsinsi, wina amandisungitsa nthawi yake pamene ndamuuza kuti ndibwera, ndipo aliyense amene watuluka m'chipinda momwe ine ndatsalamo wandisungitsa dzina lake.

Chichewa chimatithandiza pano, chifukwa mawu akuti chikhulupiriro, kukhulupirira ndi kukhulupirika amachokera ku tsinde limodzi. M'Chigiriki cha Chipangano Chatsopano zilinso choncho: liwu lakuti pistis limanena za chikhulupiriro chimene munthu ali nacho mwa Mulungu, ndipo liwu lomwelo limanenanso za kukhulupirika kwa munthu amene ena angamudalire. Ndi liwu limeneli limene Paulo analiika pakati pa zipatso za Mzimu mu Agalatiya 5:22. Ngakhale "Amen" amene timamalizira naye pemphero amachokera ku tsinde la Chihebri lonena za chinthu chokhazikika, chimene munthu angachitsamire osagwa. Ndikaganizira zimenezi ndimachita mantha pang'ono, chifukwa zikutanthauza kuti munthu amene amati amakhulupirira Mulungu koma anzake sangamukhulupirire, wang'amba pakati liwu limene linali limodzi.

Pamene ndinayamba kudziyang'anitsitsa pambuyo pa nkhani ya m'bale uja, sindinapeze mabodza akuluakulu ambiri. Ndinapeza timalonjezo ting'onoting'ono tosawerengeka timene ndinkamwaza ngati moni. Lalikulu mwa iwo linali lakuti "ndikupemphererani." Munthu akandiuza kuti mwana wake akudwala kapena kuti ali ndi mayeso, mawu amenewa ankatuluka okha, ndipo nthawi zambiri ankagwira ntchito yotsekera kucheza kuti ndipitirize ulendo wanga. Munthuyo ankachoka atapepukidwa, akukhulupirira kuti wina amusenzako katundu wake pamaso pa Mulungu, pamene ine ndinali nditaiwala ndisanafike pakhomo. Mneneri Samueli, potsanzikana ndi Aisraeli mu 1 Samueli 12, ananena kuti kuleka kuwapempherera kukanakhala kuchimwira Yehova, ndipo ananena zimenezi kwa anthu amene anali atangomukana posankha kukhala ndi mfumu. Tsopano ndikafuna kunena mawu amenewa, ndimapempha kuti tipemphere pomwepo ngati malo alola, kapena ndimalemba dzina la munthuyo m'kabuku kamene ndimakatsegula usiku. Ndikaona kuti sindichita chilichonse mwa ziwirizi, ndimangomupepesa ndi kumumvetsera, osamulonjeza kanthu. Poyamba ndinkadziona ngati wouma mtima pochita zimenezi, koma munthu wovutika amathandizidwa kwambiri ndi khutu lenileni kusiyana ndi pemphero limene silidzapempheredwa.

N'chimodzimodzi ndi mawu akuti "ndibwera", "ndikuimbirani foni", "ndibweza mwezi ukatha". Ambiri a ife timavomera zinthu chifukwa choopa nkhope ya wopemphayo, podziwa mumtima kuti sitidzachita, ndipo timaganiza kuti tamuchitira ulemu. Zoona zake n'zakuti tangosuntha ululu wa kukana, kuuchotsa pa ife lero n'kuuika pa iye mawa, pa nthawi imene sangathenso kupempha wina. Ambuye anatiuza mu Mateyu 5:37 kuti inde wathu akhale inde ndipo iyayi wathu akhale iyayi, ndipo Yakobo anabwereza zomwezo kumapeto kwa kalata yake. Timakonda kulalikira za inde, koma ine ndaphunzira kuti munthu amene satha kunena iyayi, inde wake sakhala ndi mtengo. Zimandilimbikitsa kuona mmene Paulo anaitengera nkhani yooneka yaing'ono ngati imeneyi. Anali atakonza zoti adzacheza ndi Akorinto kawiri, popita ku Makedoniya ndi pobwerera, koma anasintha ulendowo, ndipo ena anayamba kumunena kuti ndi munthu wa inde ndi iyayi nthawi imodzi. Mtumwi wa Khristu akanatha kunena kuti ali ndi ntchito zazikulu zoposa zimenezo. M'malo mwake, m'mutu woyamba wa 2 Akorinto anafotokoza chifukwa chimene sanabwerere, kuti ankafuna kuwaleza mtima, ndipo anamangiriza mawu ake ku kukhulupirika kwa Mulungu amene malonjezo ake onse ndi inde mwa Khristu. Paulo ankadziwa kuti anthu akayamba kukayikira mawu ake pa nkhani ya ulendo, adzakayikiranso mawu ake pa nkhani ya mtanda.

Pali malonjezo ena amene amafika powawa. Salimo 15 limafunsa kuti ndani angakhale m'chihema cha Yehova, ndipo pakati pa mayankho ake pali munthu amene walumbira, zinthu n'kumutembenukira, koma osasintha mawu ake. Nkhani ya Agibeoni mu Yoswa 9 imandisautsa nthawi zonse ndikaiwerenga. Anthu amenewa ananamiza Aisraeli pobwera ndi nsapato zakutha, zovala zansanza ndi mkate wouma wochita nkhungu, nanena kuti achokera kutali, ndipo akuluakulu a Israeli anapangana nawo pangano osafunsa kwa Yehova. Patatha masiku atatu zinadziwika kuti anali anansi awo. Khamu linadandaula, koma akuluakuluwo anakana kuwakhudza chifukwa anali atalumbira m'dzina la Yehova, ndipo pamene mafumu asanu anaukira Gibeoni, Yoswa anayenda usiku wonse kuchokera ku Giligala kukateteza anthu omwe anamupusitsawo. Mibadwo itadutsa, Sauli anaphwanya panganolo napha Agibeoni, ndipo 2 Samueli 21 imatiuza kuti m'masiku a Davide kunagwa njala ya zaka zitatu chifukwa cha mlandu umenewo. Ife tikapeza kachifukwa kakang'ono kosonyeza kuti mnzathu sanatiuze zonse, timathamangira kunena kuti lonjezo lathu latha mphamvu. Mulungu analikumbukira pangano limene anthu ake anali ataliiwala.

M'banja ndi mmene kusungitsana kumafika pozama kuposa pena paliponse. Yankho la Yosefe kwa mkazi wa Potifara mu Genesis 39 limayamba ndi nkhani ya kudaliridwa: mbuye wake anali ataika zonse m'manja mwake, osatsatiranso kanthu kalikonse m'nyumbamo, ndipo pa maziko amenewa Yosefe anafunsa kuti angachite bwanji choipa chachikulu chotero n'kuchimwira Mulungu. Kwa iye, kukhulupirika kwa mwini nyumba amene panalibe ndi kuopa Mulungu zinali chinthu chimodzi. Ambiri a ife timaganiza kuti ndife okhulupirika m'banja chifukwa sitinagonepo ndi munthu wina, ndipo zimenezo n'zofunikadi. Koma mwamuna amene amaseketsa anzake ndi zofooka za mkazi wake, kapena mkazi amene amaulula kwa anzake zimene mwamuna wake anamuuza akulira, wayamba kale kumwaza chimene anasungitsidwa. Chimodzimodzinso mauthenga a pa foni amene munthu amawafufuta asanalowe m'nyumba: ngakhale atakhala kuti mulibe mawu onyansa, kufufutako kukuchitira umboni kuti mtima ukudziwa kuti pali chimene chatuluka pakhomo chomwe chimayenera kukhala m'nyumba.

Za ndalama sindinena zambiri, chifukwa Paulo anasiya chitsanzo chomveka. Pamene ankasonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, anatuma Tito pamodzi ndi abale ena awiri, mmodzi mwa iwo wosankhidwa ndi mipingo, ndipo mu 2 Akorinto 8 anafotokoza kuti ankafuna kuchita zokoma pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Msungichuma wa mpingo amene amakwiya akafunsidwa malisiti ayenera kuwerenga mutu umenewu modekha. Munthu woona mtima amakondwera ena akamawerengera naye limodzi, chifukwa zimateteza iye mwini komanso mitima ya opereka.

Komabe ndingakhale ndikusocheretsa owerenga ndikasiya nkhaniyi pamenepa, ngati kuti lonjezo lililonse ndi chinsinsi chilichonse ziyenera kusungidwa zivute zitani. Timanena kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo n'zoona: Herode anamva chisoni mwana wa Herodiya atapempha mutu wa Yohane Mbatizi, koma chifukwa cha malumbiro ake ndiponso chifukwa cha alendo amene anali nawo paphwando, analamula kuti mneneri aphedwe. Kumeneko kunali kuopa manyazi pamaso pa anthu, ndipo lumbiro lochita choipa liyenera kulapidwa, osati kukwaniritsidwa. Momwemonso, munthu akandiuza kuti akuzunza mwana, kapena kuti akufuna kudzipha, kapena kuti akukonza zovulaza wina, kukhala chete kungakhale kupereka munthu wosalakwa pofuna kusunga dzina langa la munthu wosunga chinsinsi. Chimene ndaphunzira n'chakuti ndizinena malire amenewa poyambirira, munthu asanatsegule mtima wake, ndipo ngati pafunika kuuza ena, ndimuuze iye mwini poyamba kuti ndikukauza yani ndiponso chifukwa chake. Kukhulupirika kumafunanso kulimba mtima kolankhula ndi munthu pamaso. Paulo ataona kuti Petro wayamba kudzipatula kwa Akhristu a mitundu ina ku Antiokeya chifukwa choopa anthu ochokera kwa Yakobo, anamutsutsa maso ndi maso. Buku la Miyambo limati mabala amene bwenzi lakupweteka nawo ndi okhulupirika. Chimene chimawononga mipingo yathu n'chakuti timachita motembenuza: pamaso pa munthu timamusekerera, ndipo zimene timayenera kumuuza iyeyo timakaziuza anthu ena onse.

Kupepesa kwanga koyamba kwa m'bale uja kunali kopanda pake. Ndinapita kunyumba kwake patatha masiku angapo, ndipo ndinati ndikupepesa ngati ndinamukhumudwitsa, koma adziwe kuti sindinatchule dzina lake ndiponso kuti ndinkangofuna kuti abale amupempherere. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ndamva, achimwene," n'kundiperekeza mpaka pachipata. Ndili m'njira ndinazindikira kuti ndinapita kukadziteteza, ndipo kuti m'mawu anga onse munalibe chiganizo chimodzi chovomera mlandu. Panatenga miyezi kuti ndibwerereko. Ulendo wachiwiriwo ndinapempha kuti mkazi wake akhalepo, chifukwa iyenso ndinamulakwira pomulanda mwayi womva nkhani yowawayo kuchokera pakamwa pa mwamuna wake. Ndinanena mosazungulira kuti ndinalonjeza kusunga chinsinsi ndipo ndinachiulula, kuti ndinachita zimenezo pofuna kuoneka wofunika, ndiponso kuti panalibe chondikakamiza. Mayiwo anagwetsa misozi, nati chimene chinawapweteka kwambiri sichinali kutha kwa ntchito, koma kuima pakhomo pawo n'kumapepesedwa ndi munthu wakunja pa nkhani ya m'nyumba mwawo imene iwo eni sankaidziwa.

Ndinavutika kudziwa kuti gawo lachisanu lija la mu Levitiko lingakhale chiyani pa mlandu wotere, popeza madzi akatayika sawoleka, ndipo chinsinsi sichibwezeka ngati ndalama. Chimene ndinatha kuchita chinali kubwerera ku kagulu ka mapemphero kaja, m'bale uja atandilola, n'kunena pamaso pa onse kuti zimene ndinawauza tsiku lija ndinalibe ufulu woziulula. Kafukufuku wa kuntchito kwake atatha ndipo zitadziwika kuti iye sanatenge ndalamazo, ndinaonetsetsa kuti aliyense amene anamva za mlanduwo kudzera mwa ine amvenso kudzera mwa ine kuti anapezeka wosalakwa. Ndinazindikira pamenepo kuti mbiri yoipa imathamanga yokha, koma mbiri yoyeretsa munthu imafunika kuinyamula pamutu n'kuifikitsa khomo ndi khomo, ndipo ngakhale utatero pamakhala ena amene amangokumbukira yoyamba ija.

M'bale uja anandikhululukira, ndipo ananena zimenezi ndi pakamwa pake. Timapatsana moni, timadya limodzi Mgonero wa Ambuye, ndipo ana athu amacheza. Koma kuyambira nthawi imeneyo sanandiuzenso nkhani ya mumtima mwake, ndipo sindimudandaula, chifukwa kukhululuka ndi mphatso imene munthu angaipereke tsiku limodzi, pamene kudalirana kumamera pang'onopang'ono ndipo wolakwa alibe ufulu wokufulumizitsa. Baranaba ndi Paulo anapatukana chifukwa cha Marko amene anawasiya pakati pa ulendo ku Pamfuliya, ndipo panapita zaka zambiri Paulo asanalembere Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Ndime imeneyi ndimaiwerenga kawirikawiri.

Mwezi wathawu foni yanga inalira masana, ndipo anali iyeyo. Anati mkazi wake ali kuchipatala ndi mayi ake, iye sangachoke kuntchito, ndiye ankapempha ngati ndingakatenge mwana wawo wamng'ono kusukulu pa nthawi yoweruka ndi kukhala naye mpaka madzulo. Ndinayang'ana kaye zimene ndinali nazo tsikulo ndisanayankhe, ndinaimbira munthu wina kumupempha kuti tisunthe nthawi imene tinapangana, ndipo atavomera ndinabweza foni kwa m'bale uja n'kunena kuti inde. Ndinafika pachipata cha sukulu kutatsala mphindi 30 kuti belu lilire, ndipo ndinaima pamenepo mpaka mwanayo anatuluka, chikwama chili kumsana, akuyang'ana uku ndi uku kufuna nkhope imene bambo ake anamuuza kuti aipeza.